KUPAKIRA NDEGE YA M'KOMPYUTA

Nkhani yathu ya lero iri ya ndege, koma si ndege zija muzimva zirikulira m'mwamba ai. Tikamba za ndege zoyerekeza, zimene munthu aulutsa ali cikhalire pa mpando patsogolo pa kompyuta. Cipangizo cotere dzina lace ndi simyuleta. Ena acita nayo masewera cabe, koma ena aphunzirirapo nchito ya kuulutsa ndege zenizeni.

M'simyuleta iri yonse yabwino muli tsamba limodzi limene anthu ambiri alidumpha. Munthu asankha ndege, nasankha bwalo lonyamukira, ndipo pomwepo mtima wace uthamangira kuliza injini. Koma tsamba lodumphidwalo lifunsa mafunso awiri akuru. Loyamba: kodi ndege yanu yanyamula zolemera bwanji? Laciwiri: kodi zolemerazo mwaziika pati? Woyendetsa ndege weniweni saloledwa kunyamuka asanayankhe mafunso awiriwa, ndipo alipo anthu amene anafa cifukwa wina anawayankha mosasamala. Tsono lero tiyeni tikhale pansi, tione m'mene ayankhidwira.

SIMYULETA N'CIANI?

Simyuleta si cinthu ca dzulo. M'caka ca 1929 Edwin Link, wa ku Binghamton m'dziko la America, anapanga kabokosi kokhala ndi timapiko, kamene kanali kupendekeka uku ndi uku ndi mphamvu ya mibvukuto. Nzeru ya mibvukutoyo anaitenga ku fakitale ya atate wace, kumene anali kupanga malimba. Wophunzira anali kulowa m'kabokosiko, natsekeredwa m'kati, naphunzira kuongolera ndege poyang'ana zoyezera zokha, monga acitira munthu wouluka usiku kapena m'mitambo. Pa nthawi ya nkhondo yaikuru yaciwiri timabokosi totere tinapangidwa toposa 10,000.

Pamene makompyuta anafika m'nyumba za anthu, simyuleta inalowanso m'nyumbamo. Microsoft Flight Simulator inaturuka koyamba m'caka ca 1982, ndipo X-Plane m'caka ca 1995. Zimenezi sizionetsa zithunzi zokongola zokha. M'kati mwace kompyuta iwerengera kosaleka mphamvu ya mphepo pa mapiko ndi pa mcira, ndiponso kulemera kwa ndege ndi zonse ziri m'menemo. Cotero mukaipakira ndegeyo moipa, idzauluka moipa, monga icitira ndege yeniyeni.

FUNSO LOYAMBA: YALEMERA BWANJI?

Ndege iri yonse iri ndi buku lace, limene anailembera amisiri amene anaipanga. M'bukumo muli malire a kulemera kumene ndegeyo ingathe kunyamuka nako. Citsanzo cathu lero cikhale Cessna 172, kandege ka injini imodzi ndi mipando inai, kamene kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1956. Kandege aka kaphunzitsa oyendetsa ndege ambirimbiri pa dziko lonse, ndipo mudzakapeza m'masimyuleta awiri tachula aja. Mtundu wace wochedwa 172S uli ndi malire a mapaundi 2,550 ponyamuka. Pano sitinena mapaundi a ndalama, koma a pa sikelo: kilogalamu imodzi iri ngati mapaundi 2.2.

Nanga munthu akapyola malirewo cicitika n'ciani? Mapiko anyamula ndege cifukwa ca mphepo imene ipita pa iwo mwaliwiro. Ndege ikalemera ifuna liwiro lalikuru kuti icoke pansi, ndipo kuti ipeze liwirolo ifuna msewu wautali. Ikanyamuka ikwera mwaulesi, ndipo mitengo ndi nyumba za kumapeto kwa bwalo zifika msanga. Pakutera ifunanso msewu wautali, ndipo miyendo yace ndi mapiko ace zisenza cimene sizinapangidwire.

Buku la 172S linena kuti kandegeka, kali kodzala kufikira malire ace, kathamanga pansi mapazi 960 kasananyamuke, ndipo kakwera mapazi 730 pa mphindi imodzi. Koma ziwerengero zimenezi nza bwalo la m'mphepete mwa nyanja yaikuru ya mcere, tsiku losatentha. Kwathu kuno tikhala pamtunda. Ndola ndi Kitwe ali mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanjayo, ndipo bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka liri ngati mamita 1,150. Pamtunda mpweya uli wopyapyala, ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala liupyapyalitsa koposa. Mu mpweya wotere injini icepa mphamvu, ndi mapiko omwe agwira pang'ono. Simyuleta yabwino idziwa zimenezi. Cifukwa cace katundu amene munanyamuka naye bwino pa bwalo la ku Dar es Salaam angakubvuteni pa bwalo la ku Ndola masana a cirimwe.

FUNSO LACIWIRI: MWAIKA PATI?

Funso ili ndilo lipusitsa anthu ambiri, pakuti ndege ingathe kukhala yopepuka bwino, koma n'kukhalabe yoopsya.

Nonse mwaonapo njinga yonyamula makala. Mwini wace aunjika matumba kumbuyo kwa cishalo, ndipo akafika pa citunda gudumu la kutsogolo lifuna kucoka pansi, njinga n'kuyamba kukana kuongoleredwa. Matumba omwewo atakhala pakati pa magudumu awiri, njingayo ikanayenda bwino. Bvuto siliri pa kuculuka kwa makala kokha, koma pa malo amene makalawo akhala.

Cinthu ciri conse ciri ndi malo amodzi pamene mungacinyamule ndi cala cimodzi osapendekeka. Yesani ndi mpini wa khasu: yendetsani cala canu kunsi kwace kufikira mpini ndi khasu zilingana. Malo amenewo akatswiri a ndege awachula centre of gravity, kapena mwacidule CG. Ife m'nkhani ino tidzati phata la kulemera. Munthu ali yense wolowa m'ndege, thumba liri lonse, ndi galoni iri yonse ya mafuta, zikoka phata limeneli kulinga kumene zakhala.

Tsono taonani mubvi. Mubvi uuluka molunjika cifukwa citsulo colemera ciri kutsogolo ndipo nthenga ziri kumbuyo. Mutamanga citsuloco kumbuyo pafupi ndi nthenga, mubviwo udzatembenuka m'mwamba osafika pa nyama. Ndege nayo yapangidwa motero. Phata la kulemera kwace likhala kutsogolo pang'ono kwa malo amene mapiko anyamulira, kotero kuti mphuno ifuna kuwerama pang'ono nthawi zonse. Ndipo timapiko ta kumcira tikankhira mcira pansi kuti mphunoyo isawerame. Zinthu ziwirizi zilimbana monga mbali ziwiri za sikelo, ndipo woyendetsa azilinganiza ndi ciongolero cace.

Phata likapita kutsogolo kopyola malire, mphuno ilemera. Woyendetsa akoka ciongolero ndi mphamvu kuti anyamuke, ndipo pakutera mcira ulephera kutukula mphuno, ndege n'kugunda pansi ndi gudumu la kutsogolo, limene liri losalimba ngati anzace awiri. Ici ncoipa, koma coipa koposa ndico phata lopita kumbuyo. Pamenepo ciongolero cipepuka, ndipo munthu wosadziwa ayesa kuti zinthu ziri bwino. Koma mphuno ifuna kukwera yokha, ndipo ikakwera kwambiri liwiro litha, mapiko aleka kugwira mphepo, ndege iyamba kugwa. Ici ndico acichula stall. Mankhwala ace ndiwo kuweramitsa mphuno msanga kuti liwiro libwere. Koma ngati zolemera ziri kumcira, mphuno ikana kuwerama, ndipo ndege ingathe kugwa cozungulira osaongokanso.

Cifukwa ca ici buku la ndege lipatsa malire awiri, a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndipo phata liyenera kukhala pakati pa awiriwo kuyambira ponyamuka kufikira potera.

LAMULO LA CITSULO COTUKULIRA MWALA

Kupeza phata sikufuna masamu obvuta. Inu a mu mgodi mudziwa kuti mwala umene simungathe kuusuntha ndi manja usunthika ndi citsulo cacitali, ndipo citsulo cikatalika nchito ipepuka. Mphamvu yanu iculuka molingana ndi kutalika kwa citsuloco. Lamulo limeneli analilongosola Archimedes wa ku Syracuse zaka zoposa 2,200 zapitazo, ndipo ndi lomwelo ligwira nchito m'ndege. Kathumba kopepuka koikidwa kutali kumcira kangathe kupendeketsa ndege koposa thumba lolemera loikidwa pakati.

Amisiri asankha mzere umodzi woyambira kuyeza. Pa Cessna 172S mzerewo uli pa khoma la citsulo lolekanitsa injini ndi pokhala anthu. Kucokera pamenepo kumka kumbuyo, mipando ya kutsogolo iri pa mainchi 37, matanki a mafuta m'mapiko pa mainchi 48, mipando ya kumbuyo pa mainchi 73, malo oyamba a katundu pa mainchi 95, ndi malo aciwiri a katundu pa mainchi 123. Malo awiriwa pamodzi sayenera kunyamula koposa mapaundi 120, ndipo aciwiriwo paokha sayenera kupyola mapaundi 50. Matanki alowa magaloni 53 a mafuta ogwira nchito, ndipo galoni imodzi ilemera mapaundi 6.

Malire a phata ndi awa. Kumbuyo lisapyole mainchi 47.3. Kutsogolo malire asintha ndi kulemera: ali pa mainchi 35 ndege ikakhala ya mapaundi 1,950 kapena kucepera, ndipo asendera pang'onopang'ono kufikira mainchi 41 pa mapaundi 2,550.

Masamu ace ali ndi mbali zitatu. Poyamba, culukitsani kulemera kwa cinthu ciri conse ndi mtunda wace wocokera pa mzere uja. Cimene mwapeza ndico mphamvu yace yopendeketsa. Kaciwiri, onkhetsani zolemera zonse paokha, ndi mphamvu zopendeketsa zonse paokha. Kacitatu, gawani mphamvu zonsezo ndi kulemera konse. Yankho lace ndilo malo a phata, m'mainchi.

MAULENDO ATATU

Ndege yopanda kanthu iri ndi kulemera kwace ndi phata lacelace, ndipo zimenezi zisiyana pang'ono pa ndege iri yonse. Tiyerekeze kuti yathu ilemera mapaundi 1,680, phata lace pa mainchi 39. Inu pocita masamu anu tengani ziwerengero zimene simyuleta yanu ionetsa.

Ulendo woyamba: anthu awiri kutsogolo, yense wa mapaundi 170, matanki odzala, ndi thumba la mapaundi 40.

Ndege yokha: 1,680 kuculukitsa ndi 39 ndi 65,520.
Anthu a kutsogolo: 340 kuculukitsa ndi 37 ndi 12,580.
Mafuta: 318 kuculukitsa ndi 48 ndi 15,264.
Thumba: 40 kuculukitsa ndi 95 ndi 3,800.

Kulemera konse ndi mapaundi 2,378, ndipo mphamvu zonse ndi 97,164. Tikagawa tipeza mainchi 40.9. Kulemera sikunafike pa malire, ndipo phata liri m'kati mwa malire ace. Ndege imeneyi inyamuke.

Ulendo waciwiri: pabwera anthu ena awiri a mapaundi 170, nakhala pa mipando ya kumbuyo. Tsopano kulemera kwafika pa 2,718, ndiko kupyola malire ndi mapaundi 168. Taonani cinthu codabwitsa: ndege iri ndi mipando inai ndi matanki a magaloni 53, koma singathe kudzaza mipando ndi matanki nthawi imodzi. Woyendetsa ayenera kusankha. Akafuna kutenga anthu onse, acotse magaloni 28, atsale ndi 25 okha. Pamenepo kulemera kuli 2,550 ndendende, ndipo phata liri pa mainchi 44.7, ndiwo malo abwino. Koma popeza kandegeka kamwa magaloni 8 kufikira 10 pa ola, ulendo wace wafupika kwambiri, ndipo ayenera kuganiza bwino za bwalo limene adzamwetsapo mafuta.

Ulendo wacitatu ndiwo uyenera kukumbukiridwa. Woyendetsa ndi munthu wocepa thupi, wa mapaundi 130, ndipo akhala yekha kutsogolo. Kumbuyo kwakhala amuna awiri ojincha, yense wa mapaundi 210. Katundu ndi mapaundi 70 m'malo oyamba ndi 50 m'malo aciwiri, mafuta magaloni 20. Zonse pamodzi zikwana mapaundi 2,470. Munthu woyang'ana sikelo yokha adzati zonse ziri bwino, pakuti patsala mapaundi 80. Koma mphamvu zopendeketsa ndi 119,550, ndipo tikagawa tipeza mainchi 48.4. Phata lapyola malire a kumbuyo ndi inchi imodzi ndi kanthu. Inchi imodzi ioneka yaing'ono, koma ndege imeneyi siyenera kunyamuka.

Nanga acotse ciani? Palibe cocotsa. Mmodzi wa amuna awiri aja anyamuke kumbuyo, akhale pa mpando wa kutsogolo umene uli wopanda munthu. Wasendera mainchi 36, ndipo 210 kuculukitsa ndi 36 ndi 7,560. Mphamvu zitsika kufika pa 111,990, ndipo phata libwera pa mainchi 45.3. Anthu ndi omwewo, katundu yemweyo, mafuta omwewo. Casintha ndi mpando wokha. Ici ndico cifukwa cace m'tindege tating'ono woyendetsa afunsa kulemera kwa alendo ace nawauza pokhala. Sacita mwano ai; alikulinganiza sikelo.

KUIKA ZIWERENGERO M'SIMYULETA

Tsopano tibwere ku tsamba lija. Mu Microsoft Flight Simulator ya 2020 lichedwa Weight and Balance, ndipo mu X-Plane lichedwa Weight, Balance & Fuel. Mulipeza pamene mulikusankha ndege, ulendo usanayambe. Pali malo olembapo mafuta a m'thanki iri yonse, ndi malo olembapo kulemera kwa anthu ndi katundu. Kawirikawiri paonekanso cithunzi coonetsa pamene phata liri ndi pamene malire ali, ndipo mukasintha ciwerengero cimodzi mudzaona cizindikiro ca phata cirikusendera.

Musayese kuti ndege imene simyuleta yakupatsani yapakiridwa kale monga mufunira. Nthawi zambiri ibwera yopepuka, mipando ya kumbuyo iri yopanda anthu ndi matanki osadzala. Munthu wouluka motero masiku onse azolowera ndege yomvera ndi yokwera msanga, ndipo sadziwa makhalidwe ace ikadzala. Cotero tsatani njira iyi. Yambani mwaganiza za ulendo wanu: mucokera kuti, mupita kuti, ndi maola angati. Lembani mafuta okwanira ulendowo pamodzi ndi ena otsalira a pa ngozi. Pambuyo pace lembani anthu, yense pa mpando wace, ndi katundu m'malo ace. Linganizani thanki ya kumanja ndi ya kumanzere, kuti phiko limodzi lisalemere. Ndipo musanakhulupirire cithunzi ca pa tsambalo, citani masamu anu pa pepala, muone ngati agwirizana.

Cenjerani ndi miyeso. Simyuleta ingathe kuonetsa mapaundi kapena makilogalamu, magaloni kapena malita. Mukalemba 80 muli kuganiza za makilogalamu pamene tsamba liwerenga mapaundi, mwaika mwana pa mpando wa munthu wamkuru. Kulakwa kotere kunacitikadi pa ndege yeniyeni. Pa 23 Julayi 1983 Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta iri m'mwamba pa ulendo wa ku Edmonton, cifukwa owerengera mafuta anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, naipatsa osakwana theka la mafuta ofunika. Oyendetsa anaitsitsa yopanda injini pa bwalo lakale la asilikari ku Gimli, ndipo mwa mwai palibe anafa.

Kumbukiraninso kuti mafuta atha m'njira, ndipo pakutha kwace phata lisendera. Pa Cessna lisendera pang'ono pokha, popeza matanki ali pafupi ndi phata. Koma pa ndege zina nkhaniyi njaikuru. Concorde, ndege ija inali kuposa liwiro la mau ndipo inaleka kuuluka m'caka ca 2003, inali kupopa mafuta kucokera m'matanki a kutsogolo kumka ku thanki ya kumcira pamene irikuonjeza liwiro, ndi kuwabweza pocepetsa liwiro, kuti phata likhale pamalo oyenera. Cifukwa cace wophunzira wabwino awerengera kawiri: phata la ponyamuka ndi phata la potera.

Amene muulutsa ndege zazikuru za Boeing kapena Airbus m'simyuleta mudzapeza kuti phata silinenedwa m'mainchi, koma m'maperesenti a kufupika kwa phiko kucokera kutsogolo kwace kufikira kumbuyo. Lamulo lace ndi lomwelo. Kusiyana kwace nkwakuti ziwerengero za kulemera ndi za phata ziyenera kulembedwanso m'kompyuta ya ndege yomweyo, imene iwerengera liwiro lonyamukira; ndipo timapiko ta kumcira tiyenera kupendeketsedwa pasadakhale molingana ndi phatalo. Kukonza kumeneku akuchula trim. Mukapakira katundu wina pa tsamba, ndi kuuza kompyuta ya ndege za katundu wina, mphuno idzatukuka isanafike nthawi yace, kapena idzakana kutukuka msewu ulikutha. Ndege zina za m'simyuleta ziri ndi tsamba laolao lopakirira, m'cipinda ca oyendetsa momwemo. Pa ndege zotere gwiritsani nchito tsamba limenelo lokha, kuti ziwerengero zisatsutsane.

YESANI NOKHA

Ubwino waukuru wa simyuleta ndi uwu: ndi malo okhawo pamene munthu angalakwe dala, naona zotsatira zace, nadzuka pa mpando ali wamoyo. Tengani maulendo athu atatu aja, muwauluke pa bwalo limodzi, pa ola limodzi, nyengo osaisintha. Pa ulendo uli wonse zindikirani pamene magudumu acokera pansi, ndipo yang'anani coyezera cija cionetsa mapazi amene mukwera pa mphindi. Lembani zimene mwaona.

Pambuyo pace kwerani kutali m'mwamba, cepetsani mphamvu ya injini, ndi kukoka ciongolero pang'onopang'ono kufikira mapiko aleka kugwira mphepo. Citani ici phata liri kutsogolo, muone m'mene mphuno igwera yokha ndi kubweza liwiro. Citaninso phata liri kumbuyo kopyola malire, muone m'mene ndege isandukira yosamvera. Potsiriza yesani kutera ndi ndege yolemera mphuno. Mukatero ziwerengero zija sizidzakhalanso zolemba za pa pepala cabe. Manja anu adzakhala atazidziwa.

ZIMENE ZINACITIKADI

Wina angafunse kuti, "Nanga bvuto lonseli nlanji, pamene ndege ya m'kompyuta ikagwa tingoiyambitsanso?" Yankho liri m'ngozi ziwiri izi.

Pa 8 Januwale 2003 ndege ya Air Midwest, ya mtundu wa Beech 1900D, inanyamuka ku Charlotte m'dziko la America ndi alendo 19 ndi oyendetsa awiri. Itangocoka pansi mphuno yace inatukuka kwambiri, oyendetsa analephera kuiweramitsa, ndipo ndege inagwera pa nyumba yokonzeramo ndege pa bwalo lomwelo. Onse 21 anafa. Ofufuza anapeza zifukwa ziwiri. Coyamba, zingwe zoyendetsa timapiko ta kumcira zinakonzedwa molakwa masiku awiri ngoziyo isanacitike, kotero kuti timapikoto sitinathe kuweramitsa mphuno mokwanira. Caciwiri, ndege inalemera kopyola malire ndi mapaundi ngati 580, ndipo phata lace linali kumbuyo kopyola malire. Oyendetsa anacita masamu ao ndithu, koma sanayeze anthu ndi katundu pa sikelo. Anagwiritsa nchito ziwerengero zongoyerekeza zimene malamulo anali kulola, ndipo zimenezo zinali zocepa. Pambuyo pa ngoziyi boma la America linakweza ziwerengerozo. Phunziro lace nlakuti masamu abwino pa ziwerengero zonama apatsa yankho lonama.

Pa 29 Epulo 2013 Boeing 747 ya katundu ya National Airlines inanyamuka ku Bagram m'dziko la Afghanistan, itanyamula magalimoto asanu olemera a asilikari. Magalimotowo sanamangidwe mokwanira. Ndege itatukula mphuno, ya kumbuyo kwenikweni inaduka pa zingwe zace, inabwerera m'mbuyo, niswa makina oyendetsa mcira. Ndege inaimirira m'mwamba, inagwa, ndipo anthu asanu ndi awiri amene anali m'menemo anafa. Ngozi iyi itikumbutsa cimene simyuleta singathe kuphunzitsa. M'kompyuta thumba likhala pamene mwaliika, silisuntha. M'ndege yeniyeni katundu wosamangidwa ayenda, ndipo phata liyenda naye. Momwemonso simyuleta ya m'nyumba singalowe m'malo a buku la ndege yeniyeni, kapena a mphunzitsi wobvomerezeka.

Koma cizolowezi cokha simyuleta iphunzitsa bwino lomwe. Mnyamata kapena mtsikana amene sayamba ulendo wa m'kompyuta asanawerengere mafuta, anthu ndi katundu, waphunzira kale cimodzi ca zinthu zoyamba zimene afunsidwa pa mayeso a oyendetsa ndege. Ndipo nchito imeneyi si ya oyendetsa okha. Pa mabwalo akuru alipo anthu amene nchito yao ndiyo kuwerengera kulemera ndi phata la ndege iri yonse, ndi kuuza opakira kuti katundu uyu apite kutsogolo, uyo kumbuyo. Ndipo mkuru wa ndege sanyamuka asanaone pepala lao ndi kulibvomereza.

Tsono inu makolo, mukaona mwana wanu alikuulutsa ndege m'kompyuta, mufunseni kuti ndege yace yalemera mapaundi angati, ndi kuti phata lace liri pa mainchi angati. Akasowa yankho, mpatseni pepala ndi pensulo, mucite naye ulendo wacitatu uja.